Sherlock anapulumuka bwanji, kapena a BBC ankangotisereula?

Chikondi: Anzanga, ndani anawonera Sherlock ya BBC, sewero la pa TV la wofufuza milandu Sherlock Holmes, mpaka sizoni 3? Ndikufuna munthu wokangana naye. Sizoni 2 imatha mkuluyu atadziponya kuchokera padenga la chipatala, mnzake John Watson wamugwira mkono mtsempha sukugunda, maliro achitika, kenako timamuwona kumanda waima chapatali ali moyo. Ndiye ndalowa The Empty Hearse, gawo loyamba la sizoni 3, ndikudikira kuti andiuze anapulumuka bwanji. Andipatsa nkhani zitatu. Ziwiri ndi zabodza poyera, yachitatu sukudziwa ngati uikhulupirire. Wina andibwezere bandulo yanga.

Adimini: Amene simunawonere tulukani kaye, muno ziululika zonse.

Yamikani: Kkkkk achemwali mwachedwa nazo. Anthu anakwiya kale mu 2014, anakhululuka, ena anakwatira.

Chikondi: Ine ndakwiya lero, ndisiyeni.

Yamikani: Vuto lanu ndi loti mwawonera mondondoza. Gawo la kudenga lija linatuluka mu Januwale 2012, The Empty Hearse inabwera pa 1 Januwale 2014. Zaka 2 anthu alibe chochita. Ankaimitsa kanema, kuyeza kutalika kwa nyumba, kuwerenga masitepe a John, kufunsa kuti wanjinga uja anamugundiranji John, lole ija inaima pamenepo chifukwa chiyani. Mark Gatiss polemba gawoli ankadziwa kuti anthu amenewa ndi omwe akhale kutsogolo kwa TV tsikulo. Ndiye anayamba ndi kuwapatsa moni. Mphindi zoyambirira zija ndi za iwowo, inu mwangopezekapo.

Thoko: Chiyambi chija ine chinandigwira ndithu. Sherlock akudumpha atamangirira chingwe chotamuka, mtembo wa mdani wake Moriarty auveka nkhope ya Sherlock, iye abwerera m'mwamba, aswa zenera, apsompsona Molly wogwira ntchito m'chipatalamo, n'kumapita. Ndiye pansi Derren Brown wamatsenga uja akugonetsa John pomukhudza. Ndinati eee ndi zimenezi? Kenako kamera ibwera pa wapolisi Lestrade akuuza Anderson, amene wapeka nkhaniyi, kuti zamkutu.

Chikondi: Apo ndinaseka, sindikana. Yachiwiri ndinasekanso, Sherlock ndi Moriarty atabisala padenga akukankha chidole, akusekerera ngati ana, kenako n'kuyandikizana milomo. Koma munthu ukaseka kawiri, kachitatu umafuna akuuze zoona.

A Banda: Ana inu ndilowepo. Nkhaniyi siinayambe ndi intaneti. Arthur Conan Doyle, wolemba mabuku a Sherlock Holmes, anatopa naye Holmes, ndipo mu 1893 anamupha pa mathithi a Reichenbach ku Switzerland akulimbana ndi Moriarty. Owerenga anadandaula kwambiri. Patapita zaka 10, mu 1903, anamuukitsa m'nkhani yotchedwa The Empty House. Ndipo kufotokoza kwake kunali kwachidule: Holmes sanagwe n'komwe, anamuzemba Moriarty ndi luso la kulimbana la ku Japan, Moriarty ndiye anagwa yekha, iye n'kukwera thanthwe kukabisala. Basi. Doyle zinamuphwekera chifukwa Watson sanawone kugwako ndi maso, anangopeza kalata ndi mapazi. A Gatiss ndi a Steven Moffat, amene anapanga seweroli, anadziika okha pamavuto potiwonetsa munthu akugwa, miyendo ikupalasa m'malere, magazi pansi. Ukawonetsa zimenezo, yankho lililonse likhala laling'ono.

Chikondi: Madala, ndiye mukuvomereza kuti analephera.

A Banda: Ndikunena kuti anadzimanga okha, mwana wanga. Mmene anadzimasulira ndiye tikambirane.

Tiyamike: Ndili kuno ku London, ndipo chipatalacho ndi chenicheni, St Bartholomew's, anthu amangoti Barts. Pafupi ndi pomwe anagwera pali kanyumba kofiira ka telefoni, ndipo okonda seweroli ankamatapo timapepala tolemba kuti amakhulupirira Sherlock, ena kulemba ndi chala pa fumbi la mazenera. Komanso a BBC polengeza tsiku la sizoni 3, kumapeto kwa Novembala 2013, anayendetsa galimoto yonyamula maliro m'misewu ya London, mulibe bokosi, muli maluwa olemba dzina lake ndi tsikulo. Ndiye masewerawa anayamba gawolo lisanatuluke, ndipo owonera ankawakonda.

Gift wa ku Joni: Azungu ali ndi nthawi aise. Kukamata kalata ya chipepeso kwa munthu wa m'sewero.

Tiyamike: Iwe unalira Ned Stark wa mu Game of Thrones atadulidwa mutu, khala chete.

Gift wa ku Joni: Linali fumbi m'maso limenelo.

Mphatso: Ine ndili mbali ya Chikondi, koma pa chifukwa china. Tawonani amene anamusankha kuti aimire owonera. Anderson. Munthu amene chiyambire amanyozedwa ndi Sherlock kuti ndi wopepera. Mu sizoni 3 ntchito yamuthera, ndevu zili nyankhalala, khoma la nyumba yake ladzaza mapepala ndi mamapu, wayambitsa kagulu ka anthu ovala zipewa za Sherlock. Mtsikana wa m'kaguluko amene anapeka nkhani yachiwiri ija ya Sherlock ndi Moriarty, Anderson yemweyo akumufunsa ngati mutu ukuyenda. Ndiye uthenga ndi wotani? Akuti inu amene munakhala zaka 2 mukutiganizira, mukutilengezetsa ulere, ndinu awa. Kumapeto Anderson akung'amba mapepala pakhoma akuseka ngati wapenga. Kumeneko ndi kupereka moni?

Yamikani: Koma achimwene, Anderson ndi yekhayo m'sewero lonse amene ankanena zoona. Lestrade wanzeru uja ankati Sherlock anafa. Wopengayo ndiye analondola. Ndipo mtsikana uja anamuyankha bwino, kuti nkhani yake siyoposa ya Andersonyo pa kupusa. Olemba anamupatsa mawu omaliza pa mkanganowo.

Mphatso: Analondola, koma malipiro ake ndi otani? Kumusiya pansi akugubuduka m'mapepala.

Thoko: Inu mukuiwala kuti Gatiss ndi Moffat nawonso ndi okonda Holmes kuyambira ali ana. Sewero lonseli ndi anthu awiri amene ankakambirana za mabuku a Doyle ali m'sitima popita ku Cardiff kukagwira ntchito ya Doctor Who. Akamaseka Anderson akudzisekanso okha.

Mphatso: Kudziseka uli ndi ndalama za BBC ndi kamera, ndi kusekedwa uli kuchipinda kwako ndi foni, sizofanana.

A Banda: Apa Mphatso wagwira mfundo. Nthabwala zoterezi zili ngati za pachisuweni. Msuweni wako akhoza kukunena mutu pagulu, anthu n'kuseka, iwenso n'kuseka, chifukwa ukudziwa kuti mawa ukadwala abwera. Mlendo akanena mawu omwewo, ndi ndewu. Funso ndi loti a Gatiss anali msuweni kapena mlendo kwa owonera, ndipo aliyense ayankha malinga ndi mmene sewerolo linamusamalira pambuyo pake.

Chikondi: Kwa ine msuweniyu anandinena mutu ngongole yanga asanabweze.

Gift wa ku Joni: Mukafuna kuwona mochitira bwino pitani ku Game of Thrones. Gendry. Kumapeto kwa sizoni 3, mu 2013, Davos akumukweza bwato ku Dragonstone kuti athawe asawotchedwe, mnyamata wosadziwa n'kusambira komwe. Ndiye anasowa. Sizoni 4 kulibe, 5 kulibe, 6 kulibe. Anthu anayamba nthabwala yoti akupalasabe, zithunzi za mikono yotupa ndi minofu, ngakhale Joe Dempsie mwini wake analemba pa Twitter kuti akadapalasa. Mu 2017, sizoni 7, Davos akumupeza ku King's Landing akusula zitsulo, ndipo akumuuza kuti ndimayesa ukupalasabe. Chiganizo chimodzi. Amene ankadziwa nthabwalayo anagwa nako kuseka, amene sankaidziwa anangomva nkhalamba ikucheza ndi mwana. Nkhani n'kupitirira.

Chikondi: Eya! Chimenecho ndiye ndikufuna. Palibe amene anataya kanthu. Davos ndi munthu wonena zotero, ndipo ndi iyeyo anamukweza bwatolo. Sanaimitse sewero theka la ola kuti atiwonetse kuti amawerenga Twitter.

Yamikani: Koma Gendry panalibe funso loti ayankhe. Palibe anagona osatulo kuti bwato linafika bwanji. Kufanizira ziwirizi ndi kumulakwira Gatiss.

Gift wa ku Joni: Ndi zoona, komabe. Ngakhale kapu ya khofi ija inaiwalika patebulo pamaso pa Daenerys mu sizoni 8, Meyi 2019, eni sewerolo a HBO anangoti inalidi mistake, mayiyo anaitanitsa tiyi. Kenako anaifufuta mu kanemayo. Kuseka pang'ono, kukonza, kumapita.

Mphatso: Sizoni 8 usaitchule muno, tisayambane.

Thoko: Koma akatswiri a kusereula ndi a sewero la Westworld. Sizoni 1, mu 2016, anthu a pa Reddit, bwalo lochezerapo pa intaneti, anatulukira msanga kuti nkhani ikuchitika pa nthawi zosiyana ndipo William ndi yemwe uja wovala zakuda atakalamba. Gawo lomaliza likufika anthu akudziwa kale. Ndiye mu Epulo 2018, sizoni 2 ili pafupi, Jonathan Nolan ndi Lisa Joy, amene anapanga sewerolo, analemba pa Reddit pomwepo kuti popeza mumatulukira zonse, tikuuziranitu nkhani yonse ya sizoni ikubwerayi kuti muzitchinjiriza anzanu ku zoulula, bola uthengawu upeze mavoti 1,000. Mavoti anakwana. Kanema anatuluka, wa mphindi pafupifupi 25. Akuyamba bwinobwino, Jeffrey Wright akufotokoza, Bernard wadzuka m'mbali mwa nyanja. Kenako Evan Rachel Wood ayamba kuimba nyimbo ya Rick Astley ija amapusitsira anthu pa intaneti, Angela Sarafyan akuimba piyano. Zitatha apo, mphindi zonse zotsala ndi galu atakhala pa piyano.

Gift wa ku Joni: Kkkkkk galu mphindi 20. Ndi bandulo ya kumudzi ukhoza kulira.

Chikondi: Koma imeneyo ndilibe nayo mlandu. Anachitira kunja kwa sewero. Amene anapusitsidwa anapita okha kukafuna zoulula, anapeza galu, zawo izo. Sewero lenileni silinakhudzidwe.

Yamikani: Ndiye lamulo lanu ndi loti nthabwala ikhale kunja, kapena ikhale ya chiganizo chimodzi?

Chikondi: Lamulo langa ndi loti nthabwala isalowe m'malo mwa chimene unandilonjeza. Sewero la wapolisi wofufuza limakhala pa pangano limodzi: ndikuwonetsa chinthu chosatheka, kenako ndikuwonetsa mmene chinathekera, iwe n'kudzimenya pamphumi kuti bwanji sindinachiwone. Magawo ena onse a Sherlock amasunga pangano limeneli. Pa funso lalikulu kuposa onse ndi pomwe anasankha kuseka. Ndiye ndimakayika ngati kusekako kunali chikondi kwa owonera kapena pothawira.

Yamikani: Yankho anapereka achemwali. Yachitatu ija. Sherlock ndi mkulu wake Mycroft anakonzeratu njira 13, yomwe inagwira ndi ya Lazarus. Chimatiresi cha mpweya pansi, kanyumba ka ma ambulansi kakutchinga maso a John, anthu onse ozungulira pamenepo ndi anthu a Sherlock, wanjinga akugwetsa John kuti achedwe, mtembo wa munthu wofanana naye ukuponyedwa pazenera kuti John awone kanthu pansi, Sherlock n'kudzagona m'malo mwake atapakidwa magazi, kampira kakang'ono m'khwapa kuti mtsempha wa pamkono usamveke. Zonse zikugwirizana ndi zomwe tinawona mu 2012. Kampirako ankakaseweretsa mu labu gawo lomwe lija.

Chikondi: Nanga bwanji atangomaliza kufotokoza, Anderson akuyamba kupeza mabowo m'nkhaniyo, akufunsa kuti bwanji wandiuza ine mwa anthu onse, atembenuka Sherlock palibe? Olemba akundipatsa yankho ndi dzanja ili, ndi linali akulanda.

Yamikani: Chifukwa ankadziwa kuti mudzachita zomwe mukuchitazi. Anderson atamva zonse akuti wakhumudwa, iye sakanachita motero. Sherlock n'kudandaula kuti aliyense ndi wodzudzula. Ndinu ameneyo, analemberatu mawu anu zaka zapitazo kkkk.

Mphatso: Kudziwiratu kuti ndikudzudzula sikuchotsa chodzudzulacho. Wophika akabweretsa nsima yosapsa n'kunena kuti ndikudziwa mudandaula, yapsa?

Tiyamike: Mbali imene inandikhudza ine ndi ya John. Sherlock akuyamba kufotokoza za njira 13, John akumudula kuti sindikufuna kudziwa unachita bwanji, ndikufuna kudziwa chifukwa chake. Munthu analira zaka 2, wapeza Mary, ali mu lesitilanti akufuna kufunsira ukwati, mnzake akutulukira atajambula tindevu ndi pensulo akudziyesa woperekera zakudya. John akumumenya katatu usiku umodzi. Pamenepo olemba akutiuza kuti ife tinatanganidwa ndi chingwe ndi matiresi, koma wolakwiridwa ndi uyu. Kwa ine ndiye phata la gawo lonse.

A Banda: Ndipo apo anamuposa Doyle. M'buku Watson anangokomoka, atadzuka n'kukondwera. Munthu weniweni sangatero.

Chikondi: Apo ndikuvomera, Martin Freeman anasewera bwino zedi. Koma tawonaninso, ndi olemba omwewo amene anatiuza kuti tifufuze. Moffat ankanena m'manyuzipepala kuti pali chizindikiro chomwe aliyense sanachiwone. Ukatuma anthu kukasaka, usadzawauze pobwera kuti kusakako kunalibe ntchito.

Thoko: Mkangano uwu a katuni ya The Simpsons anaupanga kale mu 1997, gawo la galu Poochie. Wogulitsa mabuku a zithunzi uja akudandaula kuti katuni yaipa ndipo wathamangira pa intaneti kukalengeza, akuti monga wowonera wokhulupirika ali naye ngongole. Bart akumufunsa kuti ngongole yanji, anthu akusangalatsa ulere maola masauzande. Olembawo ankayankha anthu omwe ankawanyoza pa intaneti nthawi imeneyo. Chikondi ndi wogulitsa mabuku, Yamikani ndi Bart.

Chikondi: Ulere wake uti? Tiyamike amalipira laisensi ya TV kumeneko, ine ndimagula bandulo.

Tiyamike: Usandikumbutse za laisensi.

Gift wa ku Joni: A Lost, sewero la anthu opulumuka pa ngozi ya ndege, ndiye anachita zankhanza. Sizoni 3 anabweretsa Nikki ndi Paulo n'kumachita ngati analipo chigwereni ndege. Owonera anawada. Olemba anamva. Mu 2007 anawapatsa gawo lawolawo, akangaude awaluma, auma thupi lonse, anzawo ayesa afa n'kuwakwirira amoyo. Ndipo Sawyer m'gawo lomwelo akufunsa kuti Nikki ndiye ndani, funso lomwe owonera ankafunsa.

Mphatso: Koma imeneyo imandiwopsa kuposa ya Sherlock. Apo owonera ndiye akuyendetsa galimoto. Lero apha anthu awiri chifukwa mwakuwa, mawa asintha mathero chifukwa mwatulukira. George R. R. Martin, wolemba mabuku amene anachokerako Game of Thrones, ananenapo kuti ukaika zizindikiro zoloza munthu mmodzi, wina n'kutulukira, usasinthe wolakwayo chifukwa nkhani yonse igwa. Anthu anatulukira makolo a Jon Snow kalekale mabuku okha alipo, sewero linafika pomwepo osasintha, ndipo zinakomabe.

Yamikani: Ndiye mwabwera mbali yanga osadziwa. Kampira ka m'khwapa ndi wanjinga anthu anazitulukira mu 2012 momwemo. Gatiss akanatha kusintha kuti awadabwitse. Sanasinthe. Anasiya yankho lomwe anthu analipeza kale, n'kulikulunga mu nthabwala kuti lisawoneke lozizira.

Mphatso: Kapena analikulunga kuti tisawone kuti ndi lozizira.

Yamikani: Ndi zomwe ndanenazo.

Mphatso: Ayi, si zomwezo.

Tiyamike: Choseketsa ndi zomwe zinadzachitika kumapeto. Sizoni 4 ya Sherlock inatha mu Januwale 2017 ndipo ambiri sanakhutire, makamaka amene ankakhulupirira kuti Sherlock ndi John adzakhala pachibwenzi. Ena anayamba kunena kuti gawo lomalizalo ndi labodza dala, lenileni lachinayi labisidwa. Lamulungu lotsatira pa nthawi yomweyo BBC One inaika sewero latsopano, Apple Tree Yard, ndipo panali anthu amene anakhala pansi akuyembekeza kuti dzinalo ndi chophimba chabe, Sherlock atulukira. Linali sewero lina basi, la Emily Watson.

Gift wa ku Joni: Watson analipo ndithu, wolakwika kkkkk.

Chikondi: Mwawona? Anawaphunzitsa okha kuti chilichonse chikhoza kukhala msampha. Munthu ukamupusitsa kawiri n'kumuuza kuti ndi masewera, tsiku lomwe walemba zofooka sakhulupirira kuti walephera, ayesa ukusewerabe.

Yamikani: Kapena anthu ena amangofunika kuzimitsa foni n'kupita kokayenda. Zimenezo musamusenzetse Gatiss.

A Banda: Chikondi, sizoni 3 wamaliza?

Chikondi: Ayi madala, ndaima pa gawo loyamba ndi mkwiyo.

A Banda: Pitiriza. La ukwati wa John likubweralo ndi lokoma. Ukafika kumapeto kwa lachitatu udzabwerenso muno ukukuwa, chifukwa akuyambanso masewera omwewa ndi munthu wina amene tinamuwona akufa.

Adimini: Madala, ndinati ochenjezedwa ndi amene sanawonere, inu mukuulula kwa mwini nkhani.

A Banda: Sindinatchule dzina.

Chikondi: Padenga paja panafa anthu awiri okha madala, mmodzi wauka kale. Ndikudziwa kuwerenga.